Njinga yopanda kaliyala

Kwathu kwa Mponda njinga ndi chida cha ntchito. Imanyamula makala, basiketi ya usipa, ngakhale wodwala wopita kuchipatala ku boma. Ndiye tsiku limene ndinafika ndi njinga ziwiri za magiya, zakaunjika, zopanda kaliyala, anyamata a kabaza anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Madala, katundu muziika pamutu?"

Sindinagule chifukwa cha matama. Kuchipatala anandipeza ndi BP yokwera, n'kundiuza kuti thupi likufuna thukuta. Njinga yachiwiriyo inali ya mwana wanga wamkazi, wa zaka 15, amene panthawiyo timangopatsana moni ngati alendo. Amayi ake anakana poyamba, ati mtsikana wotha msinkhu kumapalasa m'tchire anthu aziti bwanji. Anavomera nditalonjeza kuti sindidzamusiya kumbuyo.

Tinayamba ndi tinjira ta m'midzi ya m'mbali mwa Shire. Mchenga wa kuno ndi mphunzitsi wankhanza: ukasiya kupalasa umagwa, ukakhotetsa handulo mwadzidzidzi umagwanso. Patatha miyezi itatu tinakweza njinga pa matola mpaka pamphambano ya ku Cape Maclear, kufupi ndi Monkey Bay. Kuchoka pamenepo kukafika ku Chembe ndi makilomita pafupifupi 18, kudutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba za mbuna, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Ine wobadwira m'boma lomweli ndinali ndisanapondemo. Manyazi ake!

Chitunda choyamba chinandiyalutsa. Ndinachedwa kutsitsa giya, tcheni inalira n'kuvuka, ndipo ndinayamba kukankha. Giya amasintha chitunda chisanagwire miyendo, osati uli pakati ukupuma ngati ng'ombe. Mwanayo anandidutsa atakhala phee pa chishalo, miyendo ikuzungulira mopepuka. Anakandidikirira pafupi ndi Mwala wa Mphini, thanthwe lokhala ndi mizere ngati mphini za agogo athu, anyani akutiyang'ana chapatali.

Potsetsereka m'pamene panali nkhani. Tinapatukira kanjira ka miyala, ine ndili patsogolo. Nditaona dzenje ndinafinya buleki yakutsogolo yokha, ndipo ndinangozindikira ndili chagada, njinga ili pamwamba panga. Chipewa cholimba chija, chimene ndinkati n'chodula pachabe, chinang'aluka. Chigongono chinasupuka, mpira wakutsogolo unaphwa.

Ndinkayembekeza kuti alira. Iye anatsuka bala ndi madzi a m'botolo lake, kenako anavula tayala, kupeza pobooka, kupala, kumata chigamba n'kupopa. Anaphunzira liti? Kwa bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango kumsika, masiku amene ine ndinkaganiza kuti akungoyendayenda.

"Ababa, potsika muzibweza thupi kumbuyo kwa chishalo, mabuleki muzigwira onse awiri pang'onopang'ono. Komanso musamayang'ane dzenje, muziyang'ana pamene mukufuna kudutsa."

Tinafika kunyanja dzuwa lili paliwombo, madzi akumwa atatha. Kumeneko tinalakwitsa: nyengo yotentha ya kuno imafuna mabotolo awiri munthu aliyense, ndi kunyamuka kusanache. Tinaona manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pamalowa mu 1875 asanasamukire ku Bandawe chifukwa cha malungo. Titakhala pamchenga tikudya chambo chootcha, anandiuza zimene anasunga chaka chathunthu: akufuna kudzaphunzira zamakaniko, osati unamwino umene ine ndinamusankhira.

Sindinamuyankhe tsiku limenelo. Pobwerera iye ndi amene anali patsogolo, ndipo chipewa chake anandibwereka ine.