Thupi likakana mankhwala si mwano

Mayi wina anafika pawindo langa ku famase, botolo la ma ARV lili m'manja, atangomwako pang'ono. Anati chiyambireni ma ARV otchedwa 5A sakupeza tulo: chizungulire, maloto oopsa, mutu kuzunguzika. Kumudzi ankati amulodza, kuchipatala anamukalipira kuti ndi wosamvera. Palibe anaganizako za chiwindi chake.

Mu 5A muli efavirenz. Chimene chimaphwanya efavirenz m'chiwindi ndi enzyme yotchedwa CYP2B6, ndipo malangizo opangira enzyme imeneyi timatengera kwa makolo, olembedwa mu DNA. Anthu ambiri kuno ku Africa anabadwa ndi CYP2B6 yogwira ntchito pang'onopang'ono. Mlingo wa 600 mg umene suvuta ena, kwa iwo umaunjikana m'magazi n'kuyamba kusokoneza ubongo. Kufufuza mgwirizano wa DNA ndi mankhwala kumeneku timakutcha pharmacogenomics.

Ndikangotchula mawu amenewa pakati pa anzanga a ntchito, yankho limakhala limodzi: "Za DNA n'za ku Ulaya, kuno tilibe ndalama." Ndatopa nawo mawuwa. Nkhaniyi ndi yathu kuposa ya wina aliyense. Mtundu wa anthu unayambira ku Africa, n'chifukwa chake DNA yathu ndi yosiyanasiyana kuposa ya anthu a kwina kulikonse. Koma chimalizireni asayansi kuwerenga DNA ya munthu mu 2003, ofufuzidwa ambiri akhala azungu. Tikuvala malaya osokedwa poyeza munthu wina, ndiye akatithina timati vuto ndi ife.

Taonani codeine. Thupi limamusandutsa morphine pogwiritsa ntchito enzyme ina yotchedwa CYP2D6. Ku Ethiopia, pafupifupi anthu 3 mwa 10 alionse amachita zimenezi mwamsangamsanga, moti mlingo wamba ungawaike pangozi. Kulinso kuperewera kwa enzyme ya G6PD, kofala m'madera a malungo, makamaka mwa amuna. Munthu wotere akamwa primaquine kapena dapsone, maselo ofiira a magazi amatha kusweka, mkodzo n'kuda. Pafupi pompa ku Zimbabwe, Pulofesa Collen Masimirembwa wathera zaka zambiri akufufuza efavirenz, n'kuonetsa kuti odwala ena amafunikira mlingo wochepa. Nanga Harare ndi ku Ulaya?

Zoona, kuyezetsako n'kokwera mtengo ndipo m'zipatala zathu zambiri kulibe. Koma ndikuona kuti chimene chimatigwira kwenikweni ndi mantha. Ambirife kusukulu tinangozilawa zimenezi, ndipo timaopa kufunsidwa funso lotiposa. Kudziwa sikulira makina. Wa famase wodziwa za CYP2B6 amamvetsera wodwala mosiyana ndi amene sadziwa. Mu 2019 Malawi anayamba kusamutsira odwala ku 13A, mmene muli dolutegravir, koma phunziroli lidakalipo pa mankhwala ena.

Inu odwala, mankhwala akamakuzunzani musangosiya nokha, makamaka ma ARV ndi a TB, bwererani mukafotokoze. Nenaninso ngati m'bale wanu wapamimba anavutikapo ndi mankhwala omwewo. Komabe si zonse zimachokera ku DNA: msinkhu, impso, mowa, zitsamba ndiponso chakudya zimasinthanso kagwiridwe ka mankhwala. Ndipo ngati munayezetsa DNA kunja, musasinthe mlingo musanaonane ndi dokotala.