Mau Osavuta Pofotokoza: Phunziro la ku Nkhamenya

Chicheŵa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972. Kuyambira pamenepo takhala ndi funso ili: kodi mau osavuta ndi otani?

Tiyeni tione mau ophunzitsira malamulo a chiyankhulo. "Mloŵam'malo" amanena yekha ntchito yake, kotero mwana woyankhula Chicheŵa safuna womasulira. Koma ku Nkhamenya, kumpoto kwa boma la Kasungu, ana ambiri amayankhula Chitumbuka kwao, ndipo m'Chitumbuka "kuloŵa" ndi "kunjira". Kwa ana otereŵa tsinde la mauŵa silithandiza, amangoŵaloŵeza pamtima.

Tsono tione kumunda. Mlangizi akatchula "nazale", "feteleza" kapena "belo", alimi a fodya a ziyankhulo zonse ziŵiri amamva msanga, ngakhale mauŵa adabwerekedwa ku Chingerezi.

Apa tikuona kuti kuphweka kwa mau sikuchokera ku kufupika kwake, ngakhalenso ku gwero lake, koma ku zimene womvera akudziŵa kale. Motero tikupempha okonza chiyankhulo kuti, asanasindikize mau atsopano m'mabuku, aziyamba aŵayesa pakati pa anthu amene adzaŵagwiritse ntchito, makamaka m'madera a ziyankhulo ziŵiri.