Kuwokera Msuku Pakhomo

Chaka ndi chaka, mvula yoyamba ikamagwa, m'misika ya ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo mumafika masuku. Zipatsozi zimachokera kuthengo, ndipo pamene nkhalango zikutha ndi makala, anthu ambiri amalakalaka atakhala ndi msuku pakhomo. Ena amazula kamtengo kutchire nakawokera kuseri kwa nyumba, koma pakapita miyezi ingapo masamba amachita chikasu, kamtengo kaja nkuuma. Kaŵirikaŵiri mlandu umagwera chiswe kapena dzuŵa, chonsecho gwero la vutoli lili m'dothi.

Msuku sukhala wokha. Mizu yake imakhalira limodzi ndi timaulusi ta boŵa tosaoneka bwino ndi maso. Timaulusito timatapa madzi ndi chakudya m'nthaka nkupatsa mtengo, ndipo mtengowo umabwezera shuga amene masamba ake amapanga. Nchifukwa chake boŵa wambiri wodyedwa amamera pansi pa misuku ndi mitengo ya mombo, monga m'nkhalango ya Dzalanyama kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira. Munthu akazula kamtengo nkusansa dothi lonse kumizu, walekanitsa abwenzi aŵiri. Dothi la m'tauni, limene lalimidwa chimanga zaka zambiri kapena kukumbidwa pouma njerwa, nthaŵi zambiri lilibe boŵa wotere.

Vutoli si la ku Malaŵi kokha. Ku Australia kuli chomera chotchedwa Xanthorrhoea, cha thunthu lakuda ndi masamba onga udzu, chimene chimatalika pafupifupi sentimita imodzi kapena aŵiri pachaka. Chikakumbidwa mosasamala chimatha kuoneka chamoyo kwa miyezi yambiri, kenaka nkufa. Motero ochikumba kuthengo amayenera kukhala ndi chilolezo, ndipo amachinyamula pamodzi ndi dothi lake. Ku Malaŵi nako, lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuchotsa mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo.

Njira yabwino ndiyo kuyambira ku njere. Njere za masuku sizichedwa kufa zikauma, choncho zifesedwe patangopita masiku ochepa chipatso chitadyedwa. Zifesedwe m'machubu a pulasitiki odzazidwa ndi dothi lotapidwa pansi pa msuku waukulu kumudzi, mwini malo atavomereza, pakuti dothi limenelo ndilo limabweretsa boŵa uja. Mbande zikhale pamthunzi wopepuka kufikira dzinja lotsatira.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, koma wowokera mvula itangokhazikika ndiye amapindula, chifukwa mizu imagwira chilimwe chisanafike. Malo akhale osadikha madzi, kutali ndi khoma la nyumba, chimbudzi ndi mipope ya madzi. Chubu ching'ambidwe mosamala kuti dothi lisayoyoke, ndipo tsinde lisakwiriridwe kuposa mmene linalili. Feteleza wambiri sathandiza. Udzu wophimbira nthaka usakhudze tsinde poopa chiswe, ndipo kampanda ka minga kapena nsungwi kamateteza mbande ku mbuzi. M'chilimwe choyamba, kuthirira sikungalekedwe.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziŵa: misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi, ndipo yaikazi yokha ndiyo imabereka. Wobzala mtengo umodzi angathe kudikira zaka zambiri nkupeza kuti ndi waumuna. Nkwanzeru kubzala mitengo ingapo, kapena kugwirizana ndi anansi kuti aliyense abzale wake. Akatswiri a zaulimi ku Makoka, m'boma la Zomba, kumene kafukufuku wa zipatso zam'tchire anakula m'zaka za m'ma 1990, anaonetsa kuti msuku womezanitsidwa ndi nthambi ya mtengo wobereka bwino umayamba kubala msanga kusiyana ndi wa njere.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Msuku wozulidwa kuthengo ndi mtengo wotayika paŵiri, pakuti kunkhalango wachoka ndipo pakhomo sukhalitsa. Wofesedwa ndi dothi lakwawo umachedwa, koma ana a ku Area 25 kapena Mgona adzatola zipatso zake pabwalo la makolo awo.