Tsiku lotaya madzi a mu Jacuzzi

Amalawi ena amene amagwira ntchito m'nyumba za anthu opeza bwino ku Johannesburg ndi Cape Town amalidziwa bwino bafa limeneli. Nthawi zambiri limakhala panja, pakhonde kapena kuseri kwa nyumba, ndipo mumatha kukhala anthu anayi kapena kuposerapo nthawi imodzi. Madzi ake amakhala ofunda usana ndi usiku, ndipo akalitsegula amachita thovu ngati mphika ukuwira. Pachingerezi amati hot tub, koma ambiri amangoti Jacuzzi, potengera dzina la banja lochokera ku Italy lomwe lidatchukitsa mabafawa ku America.

Chodabwitsa kwa munthu wozolowera kusamba m'ndowa n'chakuti madziwa satayidwa osamba akatuluka. Amakhala momwemo miyezi itatu kapena inayi, akuzungulira m'mapaipi ndi m'sefa, uku akuthiridwa mankhwala a chlorine. Koma thukuta, mafuta odzola ndi litsiro zimaunjikana pang'onopang'ono mpaka mankhwala aja amachepa mphamvu. Apa mpofunika kutaya madzi onse, ndipo m'nyumba zambiri ntchitoyi imagwera wantchito.

Ntchitoyi si yochita mwachibwana. Madzi a m'bafali amatentha pakati pa madigiri 37 ndi 40, kutentha komwe tizilombo totchedwa Legionella timakondwera nako. Timaswana m'madzi a madigiri 20 mpaka 45 ndipo timabisala m'zoterera zomwe zimamata mkati mwa mapaipi, momwe diso silifika. Madzi atha kuoneka oyera mbee koma tizilombo tili tho.

Tizilomboti timayambitsa chibayo choopsa. Munthu amatitenga popuma timadontho ting'onoting'ono tomwe timauluka madzi akamachita thovu, choncho sachita kulowa m'bafamo kuti adwale.

Izi zidaoneka m'chaka cha 2012 mumzinda wa Stoke-on-Trent ku England, komwe sitolo ya JTF idaika bafa lotere kuti ogula azilionera. Anthu 21 adadwala ndipo atatu adamwalira. Sadasambemo ayi, adangofika m'sitolomo. Mu 2017 khoti lidalamula kampaniyo kulipira chindapusa cha mapaundi 1 miliyoni. Zoterezi zidachitikanso mu 2019 pachionetsero china ku North Carolina, m'dziko la America, komwe anthu oposa 100 adadwala ndipo anayi adatisiya.

N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi sathamangira kutsegula potulukira madzi. Amayamba athira mankhwala otsuka mapaipi m'madzi akale aja ndi kuyatsa pampu kwa kanthawi kuti zoterera zimatuke. Thovu lakuda lomwe limayandama pamenepa ndi lochititsa nseru, makamaka ukakumbukira kuti dzulo lake anthu amacheza m'madzi omwewo. Wongotaya madzi osatsuka mapaipi wagwira ntchito ya bule, chifukwa madzi atsopano amakadutsa m'litsiro lomwe lija.

Kenaka magetsi azimitsidwe kuswitchi yaikulu. Pampu ndi chotenthetsera madzi zikayaka mulibe madzi zimapsa, ndipo wantchito ndiye amatsala ndi mlandu wa katundu wodula kuposa malipiro ake.

Kutaya madziwo kumatenga ola limodzi kapena awiri ngati akutuluka okha kudzera m'paipi. Asalowe mumtsinje kapena m'dziwe la nsomba, poti chlorine amapha zamoyo za m'madzi. Bafa likauma alipukute ndi nsalu yofewa. Sopo wotsukira mbale sayenera, chifukwa wotsalira pang'ono chabe amadzachita thovu losatha. Sefa aichotse ndi kuitsuka payokha, ndipo ngati yatha agule ina.

Pothira madzi atsopano pali kanzeru kamene ambiri amakaphunzira atalakwitsa kale. Paipi ailowetse pamalo pokhala sefa paja, osati kungoiponya pakati pa bafa. Akatero madzi amayamba adzaza mapaipi ndi kukankha mpweya. Kupanda kutero mpweya umatsekereka, pampu n'kumangolira osakoka madzi. Madzi akafika pamzere wake mpamene magetsi ayatsidwe, kenaka ayezedwe asanathiridwe mankhwala. Chlorine ndi mankhwala a asidi asasakanizidwe m'chitini chimodzi ngakhale pang'ono, popeza amatulutsa mpweya wowononga mapapo. Kuti madzi afunde bwino pamatenga maola ambiri, nthawi zina usiku wonse.

Ku Britain, komwe mabafawa ndi ochuluka m'nyumba zobwereketsa kwa alendo, bungwe la boma la Health and Safety Executive limalangiza kuti madzi azitayidwa gulu lililonse la alendo likachoka, kapena pakatha sabata ngati alendowo adakalipo.

Nanga madzi ake ndi ochuluka bwanji? Bafa lalikulu limatha kulowa malita 1,500, omwe ndi zigubu 75 za malita 20. Mayi wotunga pamjigo angauze aliyense kuti imeneyo ndi mitunda ingati. Pa chilala cha 2018, khonsolo ya Cape Town idalamula kuti munthu asagwiritse ntchito malita oposa 50 patsiku. Pa muyezo umenewo, kudzaza bafali kamodzi kukadatha madzi a munthu mmodzi a mwezi wathunthu.