Kodi Mumadziwa? Benzene, Kamphete Komwe Kali mu Panado ndi mu Petulo

• Kodi mumadziwa kuti benzene anapezeka m'zotsalira za gasi wa nyale? Mu 1825, Michael Faraday wa ku London anafufuza timafuta tomwe tinkatsalira m'zitini za gasiyo, ndipo anapezamo madzi oyera mbee, onunkhira, osachedwa kuyaka.

• Dzina lake linachokera ku mtengo. Mu 1833, Eilhard Mitscherlich wa ku Germany anapanga madzi omwewo potenthetsa laimu pamodzi ndi asidi wochokera mu utomoni wa benzoin, umene umatuluka m'mitengo ina ya ku Sumatra ndi Java.

• Molekyulu ya benzene ili ndi maatomu 6 a kaboni ndi 6 a haidrojeni, n'chifukwa chake amalemba C6H6. Kwa zaka 40 akatswiri anakanda mitu posadziwa kuti maatomuwo amalumikizana bwanji. Mu 1865, August Kekulé anati makaboniwo amagwirana n'kupanga mphete ya mbali 6, ngati kachipinda ka m'malesa a njuchi.

• Pa chikondwerero chomulemekeza ku Berlin mu 1890, Kekulé anauza anthu kuti nzeruyo inamubwerera ataona m'maloto njoka ikuluma mchira wake. Koma umboni weniweni unabwera ndi mayi. Mu 1929, Kathleen Lonsdale, ali pa yunivesite ya Leeds, anasonyeza ndi X-ray kuti mpheteyo ndi yafulati.

• Kodi mumadziwa kuti chithunzi cha m'mabuku chimanamiza pang'ono? Chimaonetsa malumikizo atatu a mizere iwiri ndi atatu a mzere umodzi, mosinthanasinthana. Zoona zake n'zakuti onse 6 ndi ofanana kutalika, pafupifupi mapikomita 140. Maelekitironi 6 alibe mwini mmodzi, amayendayenda mphete yonse. N'chifukwa chake ena amangojambula kamkombero pakati.

• Kugawana maelekitironi kumeneku ndiko kumalimbitsa benzene. Mukathira ethene m'madzi a bromine, mtundu wachikasu umazimiririka nthawi yomweyo, koma benzene sachita nawo kanthu. Salola kuti mphete yake isokonezeke. Amangotaya haidrojeni mmodzi n'kulandira china m'malo mwake.

• Kusinthanitsa kumeneku ndiko kumabala zinthu zambirimbiri. Benzene akakumana ndi nitric acid ndi sulphuric acid pa madigiri pafupifupi 50, pamatuluka nitrobenzene, yemwe amasandutsidwa aniline, gwero la utoto wa nsalu. Mu 1877, Charles Friedel ndi James Crafts anapeza njira yomatira tizidutswa ta kaboni pa mpheteyo pogwiritsa ntchito aluminium chloride.

• Malungo analowererapo pa nkhaniyi. Mu 1856, William Perkin, mnyamata wa zaka 18, ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo. Kwinini anakanika, koma atayesa ndi aniline anapeza utoto wofiirira wotchedwa mauveine, umene unamulemeretsa.

• Makona a mpheteyo amapatsidwa manambala 1 mpaka 6. Zinthu ziwiri zikakhala moyandikana, pa 1 ndi 2, amati ortho. Zikadumpha kona imodzi, pa 1 ndi 3, ndi meta. Zikayang'anizana, pa 1 ndi 4, ndi para. Paracetamol wa mu Panado ndi wa para, pamene aspirin ndi wa ortho. Bomba la TNT lili ndi magulu atatu a nitro, pa 2, 4 ndi 6.

• Banja la benzene amalitcha aromatic chifukwa oyamba kudziwika anali onunkhira, monga a mu vanila ndi sinamoni. Lero fungo silikuwerengedwanso. Mu 1931, Erich Hückel anafotokoza kuti chofunika ndi mphete yafulati yokhala ndi maelekitironi oyendayenda okwana 2, 6, 10, 14 ndi kupitirira motero.

• Kodi mumadziwa kuti benzene payekha ndi poizoni? Ngakhale kale ankachotsera kafini mu khofi, lero n'zotsimikizika kuti amawononga mafuta a m'mafupa ndi kuyambitsa khansa ya m'magazi. Amapezeka mu utsi wa fodya ndi mu petulo, ndipo amalowa m'thupi popuma komanso kudzera pakhungu. Choncho amakaniko musasambe m'manja ndi petulo, ndipo musamukoke ndi pakamwa pa paipi.