Malo a Wogonja pa Kusintha kwa Maboma

Pa 14 June 1993 anthu a ku Malingunde, ku Mitundu ndi ku Nathenje adandanda pamizere monga Amalaŵi ena onse kuti asankhe pakati pa tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi, ndi nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. M'dziko lonse oposa 63 mwa anthu 100 alionse adasankha nyali, koma m'Chigawo cha Pakati, kuphatikizapo boma la Lilongwe, ochuluka adasankha tambala. Ife ansembe timakonda kukumbukira kalata ya Aepiskopi athu ya pa 8 March 1992 ngati chiyambi cha ufulu watsopano, ndipo sitilakwa. Komabe timaiŵala kuti akhristu ambiri a m'midzi imeneyi, amene adaimva kalatayo ikuŵerengedwa m'tchalitchi, adadzuka m'maŵa mwa zotsatira za riferendamu ali mbali yogonja. Funso lathu ndi ili: kodi dziko limene likusintha ulamuliro limamuika pati munthu wogonja?

Poyamba tisathamangire kunena kuti anthuŵa adachita mwaumbuli. Mantha adalipo ndithu, pakuti makadi a chipani ndi Apayoniya zidali zinthu zodziŵika m'mudzi uliwonse. Koma padalinso zimene maso ao adaona. Chitukuko cha ulimi cha Lilongwe Land Development Programme chidayamba mu 1968, chaka chomwecho Chicheŵa chidakwezedwa kukhala chilankhulo cha fuko, likulu lidasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, sukulu ya zaulimi ya Bunda ili pafupi ndi Mitundu, ndipo madamu a Kamuzu amene amamwetsa mzinda wonse ali ku Malingunde komweko. Munthu amene adaona boma likubwera kwao m'njira zoterezi adali ndi chifukwa choopera kuti boma latsopano lidzamfulatira.

Aristotle adaphunzitsa, ndipo Tomasi Woyera wa ku Aquino adamtsata, kuti ulamuliro wolungama umadziŵika ndi cholinga chake: ngati ukufuna zabwino zokomera onse ndi woongoka, ngati ukufuna zokomera olamula okha ndi wopotoka, kaya olamulawo ndi mmodzi kaya ndi ambiri. Tsono m'mau akuti “onse” muli ndi wogonja yemwe. Makolo athu adazidziŵa zimenezi pabwalo la mfumu, pamene wogonja pamlandu ankalipira mbuzi kapena nkhuku, koma maliro akagwa maŵa lake ankakumba nawo manda monga mwini mudzi. Tiyeni tiyese maiko oyandikana nafe ndi muyeso umenewu.

Angola ndi Mozambique onse adali pansi pa Apwitikizi, onse adalandira ufulu mu 1975, ndipo onse adagwa m'nkhondo yapachiŵeniŵeni. Ku Angola chisankho chidachitika mu September 1992, koma Jonas Savimbi adakana zotsatira zake ali ndi asilikali m'manja, ndipo nkhondo idabukanso mpaka imfa yake mu 2002. Ku Mozambique pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira, ndipo adayamba atula zida asanaponye voti mu October 1994. Renamo idagonja, koma idapeza mipando 112 mwa 250 m'Nyumba ya Malamulo, kotero kuti idali ndi poti n'kukhala. Mtendere umenewu sudakhale wangwiro, pakuti mfuti zidamvekanso kuyambira 2013 ndipo chisankho cha 2024 chidatsatidwa ndi imfa zambiri. Komabe abale athu pafupifupi miliyoni imodzi amene adathaŵira kuno adatha kubwerera kwao.

Nkhani ya Zambia ndiyo ifanana kwambiri ndi yathu. Atsogoleri a mipingo adakumanitsa Kenneth Kaunda ndi Frederick Chiluba m'tchalitchi lalikulu la Anglican ku Lusaka mu July 1991, ndipo pa 31 October chipani cha MMD chidapambana mipando 125 mwa 150. Mwa mipando 25 imene UNIP idatsala nayo, 19 idali ya Chigawo cha Kuvuma, kwa Acheŵa, Angoni ndi Ansenga, abale athu a ku Chipata ndi ku Katete. Kaunda adavomera kugonja mwaulemu. Koma mu 1996 opambana adasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu amene makolo ake adabadwira kunja asaimire upulezidenti, podziŵa kuti makolo a Kaunda adachokera kuno ku Malaŵi. UNIP idanyanyala chisankho cha chaka chimenecho, ndipo kuyambira pamenepo idafota osadzukanso. Apa tikuona kuti wopambana angathe kumchotsa mnzake pabwalo popanda kuombera mfuti, pongogwiritsa ntchito cholembera.

Kwathu kuno asilikali adalanda zida za Apayoniya mu December 1993, chisankho chisanafike. Pa 17 May 1994 Bakili Muluzi adapambana, Kamuzu Banda adavomera pawailesi, ndipo chipani cha Kongeresi chidaloŵa m'Nyumba ya Malamulo ndi mipando 56 mwa 177, yambiri ya m'Chigawo cha Pakati. Chipanicho sichidaletsedwe monga m'mene icho chidaletsera anzake mu 1966. Chidakhala mbali yotsutsa zaka 26, mpaka khoti litafafaniza chisankho cha 2019 ndipo Lazarus Chakwera adapambana pa 23 June 2020. Iyenso pogonja kwa Peter Mutharika pa chisankho cha pa 16 September 2025 adavomera. Motero mlimi wa ku Malingunde amene adaponyera tambala mu 1993 walaŵa zonse ziŵiri, kugonja ndi kupambana, ndipo waona kuti akulu sadaname ponena kuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Koma tisadzitame msanga. Wogonja ali ndi mpando ku Nyumba ya Malamulo, nanga kumudzi ali ndi chiyani? Lamulo la maboma aang'ono lidakhazikitsidwa mu 1998 ndipo makhansala adasankhidwa mu 2000, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lidakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe. Pamene mseu, mjigo ndi feteleza zonse zichokera m'dzanja la wolamula ku likulu, anthu amaona chisankho ngati nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo chigawo chilichonse chimakangamira mwana wake. Papa Pio XI, m'kalata yake Quadragesimo Anno ya 1931, adaphunzitsa kuti zimene gulu laling'ono lingathe kudzichitira lokha, gulu lalikulu lisalilande. Kumanga dziko ndiko kutsitsa mphamvu kufikira pamene mudzi ungagonje pachisankho koma osataya madzi akumwa.

Mpingo wa mu Lilongwe udayamba kale kuphunzira zimenezi pa sinodi ya 1973 mpaka 1975, pamene Ambuye Patrick Kalilombe adakhazikitsa miphakati, ndipo boma la nthaŵi imeneyo lidaikayikira mpaka iwo adachoka m'dziko mu 1976. Mumphakati akhristu amasankha atsogoleri, amaŵerengetsa ndalama poyera, ndipo wotsika paudindo amabweranso sabata yotsatira kudzapemphera. Inu amene mukukonzekera unsembe mudzatumidwa kumaparishi kumene wa tambala, wa chimanga ndi wa zipani zina amagwada pabenchi limodzi. Wansembe akadziŵika kuti ndi wa opambana, ogonja adzasoŵa wodandaulira, ndipo tsiku limene zinthu zidzatembenuke mau ake sadzamvekanso kwa aliyense. Choncho Lamulungu loyamba pambuyo pa chisankho, tisanakwere paguwa, tiyambe tadzifunsa kuti ndani mwa akhristu athu sadagone tulo usiku wa zotsatira, ndipo ulaliki wathu ukamfike iyeyo.