Mwana Akangoti Phee

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, zotsatira za mayeso zikatuluka, kapena fodya akagulidwa motchipa ku Kanengo, si makolo okha amene amasweka mtima. Mnyamata amene wasiya sukulu chifukwa chosowa ndalama, kapena mtsikana amene sanasankhidwe kupita ku sekondale, nthawi zina amangoti phee: nsima osaifuna, tulo osatipeza, kwa anzake osapitako.

Akuluakulu amafulumira kunena kuti ndi ulesi, ena amati walodzedwa. Kukhumudwa kwa masiku owerengeka kumagwera munthu aliyense, koma kukapitirira masabata awiri angakhale matenda, ndipo matendawa amachizika. Atsibweni kapena agogo akhale naye pansi, amumvetsere osamudzudzula, kenaka amuperekeze kuchipatala, kaya ku Mponela, ku Madisi kapena paboma pa Ntchisi. Mwana wamanyazi angathe kuimba 116, nambala yaulere yothandizira ana.

Akayamba kunena zoti moyo watopa nawo, asasiyidwe yekha. Mankhwala opopera fodya ndi ophera anankafumbwe atsekeredwe ndi loko, kiyi asunge munthu wamkulu, pakuti maganizo odzipha amabwera mwadzidzidzi, ndipo kawirikawiri amadutsa ngati botolo silili pafupi.